Mwendo wa Bornwell

Pamene Sajeni Tryphena Nyirongo ankafika kwa Mphamba pa njinga yamoto, mudzi unali utaweruza kale mlandu wonse. Nyumba ya Jonah Zimba inali phulusa. Khola lake linali pululu, ng'ombe zake ziwiri zokoka ngolo zitaphedwa kuti anthu a pamaliro apeze ndiwo. Mwini wakeyo anam'peza atamangiriridwa ku mtengo wa mango, diso lakumanzere litatupa mpaka kutsekeka.

Maliro anali a Danwell Mtonga, mlimi wa kudimba amene repu ndi tomato wake ankadzaza msika wa pa Lundazi. Anapezeka dzulo lake m'mawa atagona chafufumimba m'mphepete mwa dziwe lomwe ankatungamo madzi othirira, mutu utaphwanyidwa ndi mwala. Unali mwezi wa Okutobala. Mtsinje unali utaphwa, kungotsala maiwe obiriwira apa ndi apo, ndipo anthu ndi ziweto ankalimbirana madzi omwewo.

"Munamufunsa chiyani musanamumange?" anafunsa Tryphena akumasula zingwe.

Amuna anangozolika, ena milomo ikadali ndi mafuta a nyama. Tryphena anakulira m'midzi yomweyi, ndipo ankadziwa kuti wapolisi akafika, munthu aliyense amakhala kuti nthawi imeneyo anali kumunda.

Faides, mkazi wa malemuyo, anavomera kumuperekeza kudimba. Anali mayi wochepa thupi, wolankhula motsitsa mawu ngati akuopa kudzutsa mwana.

"Ndine ndinawapeza, amama," anatero. "Dzuwa linakwela, iwo osabwela. Ndinati kapena ogula afika, akuwathyolela repu. Kufika pano, ndinayamba kuona mapazi."

"Nanga dzina la Jonah linachokela kuti?"

"Ng'ombe zawo zinatidyela kabichi mwezi watha. Anatukwanana, nadi. Koma ine sindinawaone kuno. Ananena ndi alamu anga, a Bornwell, ang'ono awo a malemu. Titawaimbila foni kuti akulu anu atisiya, pomwepo anati, 'Ndi Jonah ameneyo, m'gwileni asanathawe.'"

"Pa foni? Iwo anali kuti?"

"Ku Magodi, kwa apongozi awo. Akuti analawila mbandakucha kukadula mitengo ya chigafa cha fodya."

Tryphena anazungulira dziwelo pang'onopang'ono. Kumunsi kwake Danwell anali atasanja matumba a mchenga kuti madzi asamapitirire. Matumba angapo anali atakokeredwa pambali, ndipo matope ake anali asanaumitsitse. Kutsogolo kwake kunali dimba lina, tomato wake atafota, nthaka itang'ambikang'ambika.

"Ilo n'la yani?"

"La alamu omwewo."

M'bango, pomwe khamu silinapondeponde, anatola chikwanje cha mpini wokulungidwa ndi mphira. Faides anachizindikira kuti n'cha mwamuna wake. Mbali yake yakuthwa inali ndi magazi ouma. Thupi la Danwell anali ataliona kale m'nyumba ya siwa, ndipo kupatula m'mutu linalibe bala lina. Ndiye kuti malemuyo sanangofa ngati nkhuku. Anatema munthu.

"A Bornwell ndikawapeza pa siwa?"

"Yayi, amama. Anabwela dzulo madzulo akulila kwambili. Lelo m'mawa akomoka ndi chisoni. Awatengela kuchipatala."

* * *

Tryphena anam'kweza Jonah kumbuyo kwa njinga n'kupita naye kuchipatala cha pa boma. Pa benchi yodikirira, munthuyo anakhala chowongoka, manja pa mawondo, ngati kuti nthiti sizikumupweteka. Anali wamtali, wa mawu okhuthala, wosadziwa kuzungulira nkhani.

"Ine ndiphe munthu chifukwa cha kabichi? Ndinapepesa ndi ngolo ya manyowa, nkhani inatha. Danwell yemweyo anandipatsa tomato wodzaza chipewa."

"Dzulo m'mawa munali kuti?"

"Ndimatuta njelwa za tchalitchi. Chiyambile kucha mpaka dzuwa pamutu. Amuna a mumpingo ndiwo amapakila."

"Nanga bwanji sanakuikileni umboni?"

Jonah anaseka, kenako analavula magazi m'fumbi.

"Umboni? Abwana, amene anathila palafini padenga langa ndi yemweyo amene anakhala nane pa ngolo m'mawa wonse."

Anawalandira ndi dokotala wachinyamata, Gerald Mvula, munthu wolankhula mothamanga ngati akuopa kusiyidwa ndi basi. Tryphena anam'pempha kuti amuyang'ane Jonah thupi lonse. Panali mikwingwirima ya ndodo kuyambira m'khosi mpaka m'miyendo, koma bala la chitsulo panalibe ngakhale limodzi.

"Diso ili lapita," anatero Gerald akusamba m'manja. "Mudzi umenewo watipatsa ntchito lelo. Wina tam'goneka mu wodi. Anabwela naye ati wakomoka ndi chisoni. Chisoni chakecho chili pa mwendo, a sajeni. Bwelani muone nokha."

* * *

Fungo linawalandira asanafike pa bedi, fungo la nsomba yovunda. Bornwell Mtonga, mkulu wa mpingo, bambo wa thupi lake, anali atagona chagada, thukuta likuyenderera m'ndevu. Mkazi wake Monica anali atakhala pansi, akuingitsa ntchentche ndi kansalu. Mwendo wakumanja unali utatupa kuyambira pa kakolo mpaka m'bondo, khungu litatuluka matuza akuda. Bala linali kumbuyo, pa katumba, lalitali ndi lopingasa.

"Monire, a Mtonga," anatero Tryphena. "Pepani ndi zovutazi."

"Yewo, mwana wanga. Mulungu anapeleka, Mulungu watenga. Mwam'sunga bwino wakupha m'bale wanga uja?"

"Tikufufuza. Mwendowu mwatani?"

"Nkhwangwa, mwana wanga. Ndikudula mtengo ku Magodi, inaphonya."

"Nkhwangwa ikaphonya imagwela kutsogolo, pa msongolo kapena pa phazi. Yanuyi inazungulila bwanji kumbuyo?"

"Satana sasowa njila."

Gerald anawerama n'kukanikiza khungu pamwamba pa bondo. Bornwell anakukuta mano.

"Adada, ndinakufunsani m'mawa, manje ndikufunsaninso. Balali linalowapo m'madzi a mumtsinje kapena a padziwe? Muli tizilombo tina tosaoneka ndi maso, mabakiteliya, timene timakhala m'madzi otelo. Tikalowa pa bala timadya mnofu mofulumila chonchi, ndipo mankhwala amene ndakubayaniwa sitiwamva. Alipo ena amphamvu, koma tili nawo ochepa, sindingawatulutse mongoganizila. Mukangoti inde, ndiyamba nawo lelo lomwe."

Bornwell anayang'ana dokotala. Kenako maso ake anatsetsereka n'kukaima pa yunifolomu ya Tryphena.

"Kumtsinje sindinapondeko sabata yonse ino."

Dzanja la Monica linaima m'malere, kansalu kali lende.

"Abambo..."

"Khala chete, mkazi iwe."

"Nanga inu amama, mukuti bwanji?" anafunsa Tryphena.

"Zimene anena abambo ndi zomwezo," anayankha Monica akuyang'ana simenti.

Atatuluka pakhonde, Gerald anapukusa mutu.

"Mafinya ndatumiza ku labu. Tizilomboto tidzadziulula tokha, koma pamafunika masiku kuti tikule. Mwendo uja sudikila masiku."

Tryphena anakwiya. Munthu anali atapatsidwa mwendo wake m'manja, n'kuukana pamaso pake. Amene amakana chotero amakhala kuti akusunga chinthu chachikulu kuposa mwendo.

* * *

M'mawa mwake anapita ku Magodi. Mudzi wa apongozi a Bornwell unali pamtunda, pa dothi lofiira, fumbi lokhalokha. A Mapopa Gondwe, bambo ake a Monica, anawapeza pakhonde akusenda mtedza wa mbewu. Inali nkhalamba yogontha khutu limodzi, yokonda alendo, yolankhula mokweza ngati ikuitana munthu kutsidya.

"Mwawuka uli, adada?"

"Tawuka makola! Khalani apo, pali mthunzi. Mwabwela za mkamwini wanga? Ali bwanji? Ndinamuuza ine kuti pitani kuchipatala pompano, iye ayi, ayi. Anthu a mapemphelo ndi ouma mitu!"

"Anavulala kuno?"

"Mwati?"

"Ndati anavulalila kuno kodi?"

"Kuno? Yayi! Anafika nalo balalo. Dzuwa lili apo, pamwamba pa bulugamu, ndinamva njinga yamoto. Kutsika, munthu akutsimphina, buluku lili ndi matope akuda bii mpaka m'chiuno. Ndinati, mkamwini, mwagwela m'dambo? Ati ndagwa ndi njinga, chitsulo chandicheka."

"Njinga? Sanatchule nkhwangwa?"

"Nkhwangwa yake iti? Yanga iyo ili apo, ilibe mpini. Mitengo sanadule ngakhale umodzi. Anangogona pa mphasa pomwe mwakhalapo, akubuula. Kenako foni inalila, akuti mkulu wake wafa. Anayankhula pang'ono, basi n'kugonanso. Ine ndinadabwa. Munthu wamva za imfa ya m'bale wako, ugonanso? Ananyamuka dzuwa litapendeka."

"Kufupi kuno kuli mtsinje kapena dziwe?"

Nkhalambayo inaseka mpaka kutsokomola.

"Tikanakhala ndi dziwe bwenzi tikulima tomato ngati iwo! Ife ndi mjigo basi, nawonso wa mzele. Matope akuda aja kuno simungawapeze, dothi lathu mukuliona nokha."

"Balalo anam'manga ndani?"

"Anafika litamangidwa kale. Bwino lomwe, mfundo yachizimayi. Nsalu yake ndinaidziwa, ndi chitenje cha maluwa achikasu chimene ndinam'gulila mwana wanga Monica pa Khisimasi. Ndinati taonani, chitenje chatsopano ang'amba."

Apo a Mapopa anasiya kusenda. Anayang'ana mlendo wawo kuyambira ku nsapato mpaka ku chipewa, ngati kuti ndi nthawi yomweyo imene aona kuti ndi wapolisi. Mtedza unawapulumuka m'zala.

"Mwana wanga, kodi ndanena choipa?"

Tryphena anathokoza chifukwa cha mthunzi n'kuliza njinga.

* * *

Danwell anaikidwa m'manda mng'ono wake ali m'chipatala. Pa mwambowo mlaliki anapempherera Bornwell kuti achire msanga adzasamale ana amasiye, ndipo anthu anavomera amen mwamphamvu. Za Jonah palibe anatchula. Tryphena anaima kumbuyo, pansi pa mtengo, akuwerenga nkhope za amuna amene ankaimba nyimbo ndi maso otseka.

Foni ya Gerald inam'peza ali ku ofesi.

"Zatuluka, a sajeni. Dzina lake la m'mabuku ndi Aeromonas. Kwawo ndi m'mitsinje ndi m'maiwe, makamaka nyengo yotentha ino madzi akaima. Pa nkhwangwa ya pamtunda simungakapeze kochuluka chonchi. Bala lija linaviikidwa m'madzi a matope likadali laliwisi."

"Nanga mwendo?"

"Ndinasintha mankhwala osadikila labu, nditaona kuti kuda kwadutsa bondo. Koma tinali titachedwa kale. Bwelani manje ngati mufuna kuyankhula naye."

Anam'peza Bornwell atasintha. Masaya anali atalowa, milomo itasweka, Baibulo lili chitsekere pamtsamiro. Monica anali pamalo pake pomwe paja. Tryphena anakoka mpando n'kukhala pafupi.

"A Mtonga, apongozi anu munawauza kuti mwagwa ndi njinga. Ife munatiuza nkhwangwa. Ku Magodi munafika ndi matope a kudimba, bala litamangidwa kale ndi chitenje cha akazi anu. Chikwanje cha akulu anu chili ndi magazi a munthu amene anatemedwa, ndipo Jonah alibe bala. Manje a dokotala apeza kuti tizilombo ta m'mwendo mwanu ndi ta m'dziwe. Inu munati kumtsinje simunapondeko."

Bornwell anatembenukira kwa Gerald.

"Mwendo wanga mukuuchita chiyani?"

"Tiudula lelo, pamwamba pa bondo. Tikausiya, mawa tikhala tikunena za malilo."

Monica anaika kansalu kaja pakamwa. Wodwala wa pa bedi loyandikana anatembenukira kukhoma.

"Ndikanavomela tsiku lija," anatero Bornwell, mawu atasasa, "bwenzi zili bwanji?"

"Sindine Mulungu, adada. Koma ndikhulupilila bwenzi mukutuluka muno ndi miyendo iwili."

Bornwell anatseka maso. Atayambanso kulankhula, mawu a pa guwa aja anali atamuthera. Linatsala liwu la mlimi wotopa.

"Dimba lija atate anatisiyila tonse awili. Iye anatenga kumtunda chifukwa ndi wamkulu, ine kumunsi. Chaka chino anatseka madzi ndi matumba. Ndinam'pempha. Ndinapita ndi akulu anzanga a mpingo, iye ati madzi ndi a amene ayamba kuwafika. Tomato wanga akufa ine ndikuona, wake akupita ku msika. Ndinalawila kukachotsa matumba basi, sindinatenge ngakhale ndodo. Anandipeza ndili m'madzi. Sanafunse. Ananditema kumbuyo ngati akutema nthochi. Tinagwela m'dziwe tonse, ndipo mwala unali pafupi ndi dzanja langa."

"Munam'menya kangati?"

"Sindinawelenge."

"Nanga Jonah anakulakwilani chiyani?"

Bornwell anatsegula maso.

"Palibe. Dzina lake ndi limene linabwela m'kamwa."

Tryphena anaimirira. Pa ntchito yake anali atamva akupha ambiri akuulula, ena akulira, ena akudzitama, koma palibe amene anam'nyansa ngati ameneyu. Anatembenukira kwa Monica.

"Inu munamanga bala, munadziwa, ndipo munaonelela nyumba ya mnzanu ikupsa."

"Ndikanatani, amama? Ndi bambo wa ana anga."

"Jonah nayenso ali ndi ana."

Asanachoke anadutsira ku wodi ya amuna ovulala. Jonah anali atakhala pa bedi, theka la nkhope litakutidwa ndi bandeji. Anamuuza kuti wakupha wapezeka, ndipo iye alibe mlandu. Munthuyo anamvetsera mpaka kumapeto osaphethira.

"Chabwino," anatero. "Mukawauze a kumudzi. Ine sindidzapitako kukawaona akuchita manyazi, chifukwa sadzachita."

* * *

Opaleshoni inatha dzuwa litapendeka. Bornwell anam'bweza ku wodi asanatsitsimuke, bulangete litaphwa mbali imodzi. Tryphena anatulutsa unyolo n'kumangirira dzanja lake ku chitsulo cha bedi. Namwino anamuyang'ana modabwa.

"Athawila pati ameneyu?"

"Lamulo silifunsa miyendo," anayankha Tryphena.

Panja, pafupi ndi geti, anapeza Monica ataima ndi njinga yakapalasa yobwereka. Pa kaliyala panali phukusi lalitali lokulungidwa m'pulasitiki wakuda, lomangidwa ndi mphira. A chipatala anali atam'patsa mwendowo kuti akauike kwawo. Mayiyo anali atadikira pamenepo nthawi yaitali, chifukwa ntchentche zinali zitaupeza kale.

"Amama, ndithandizeni nzelu," anatero. "Ndaimba foni kumudzi. Nkhani yafika kale. Adzukulu akana, ati sakumbila mwendo wa munthu wopha m'bale wake. Ndipo manda a kwa Mtonga ndi amodzi. Malo amene atsala ndi pambali pa alamu, dothi lawo silinaume n'komwe. Ndikauike kuti?"

Tryphena anayang'ana phukusilo, kenako mayiyo. Anafunafuna chisoni mumtima mwake, ndipo chimene anapeza chinali chochepa.

"Khasu muli nalo?"

"Lilipo."

"Ndiye mukakumbe nokha. Mukamaliza mudzabwele ku polisi, nanunso muli ndi zoti muyankhe."

Monica anakonza chitenje chake m'chiuno, anagwira mahandulo, n'kuyamba kukankha njingayo kulowera msewu wa kwa Mphamba. Sanakwere, poopa kuti katunduyo angagwe. Anthu a m'mbali mwa msewu ankapatuka atagwira mphuno, osadziwa kuti wanyamula chiyani.